Chigamba cha Pakati

Lamulungu limenelo mvula inachedwa. Mitambo inaunjikana pamwamba pa phiri kuyambira m'mawa, yakuda bii, koma dontho osagwa. Madala a pamsika wa Taiping, amene amabetcherana khofi pa ola limene mvula iyambe, makosi anali atawawa ndi kuyang'ana kumwamba. Beh anawadutsa ambulera ili m'khwapa.

"Mdala Beh! Lero igwa nthawi yanji?"

"Igwa."

"Mwamumva? Liwu limodzi basi. Enawo akusungira amayi a zigamba aja!"

Anaseka onse. Beh sanacheuke. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndipo chimwalirireni mkazi wake Eng, zaka zitatu zapitazo, mawu ake, amene anali ochepa kale, anatsala pang'ono kutheratu.

Amayi a zigambawo anali Suan, wamasiye wa msewu wa kuseri kwa kachisi. Miyezi isanu yapitayo anagogoda pakhomo pa Beh thumba lili m'manja. Mpongozi wake ku Kuala Lumpur anali woyembekezera, atapita padera kawiri, ndipo Suan ankasoka chofunda cha makomo zana. Khomo lililonse limapereka kansalu kake, wosoka n'kulumikiza zonse, kuti khanda ligone pansi pa mwayi wa mabanja zana. Beh analowa m'nyumba, anachedwa, natuluka ndi nsalu yachikasu ya tinsomba tofiira. Suan anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Maso anga atha. Inu mumatha kulowetsa ulusi m'singano?"

Kuyambira pamenepo Beh ankapita masana alionse.

*

"Mwachedwa," anatero Suan, Beh asanavule n'komwe nsapato. "Singano zonse zili mbulanda."

Beh anakhala pampando wake wa pawindo, nayamba ntchito. Singano khumi, iliyonse ulusi wake, kuzibaya pamzere pa katsamiro. Mipando ina yonse inali ndi eni ake: chofunda cha malaya a malemu mwamuna wa Suan, chimene chinaima pakati zaka zisanu zapitazo, china cha timakona tating'ono chimene Suan ankachitukwana m'mawa uliwonse, ndi china chimene anachiphwasula kawiri chifukwa, akuti, chinkamuyang'ana mwachipongwe.

Cha mwana chinali chitayalidwa pansi, chitatha, kupatula mpendero. Suan anakwera pa kampando, natsinzina diso limodzi. Ndimo ankaonera chigamba chimene chikukuwa kuposa zinzake.

"Chobiriwira icho. Cha kwa a Ooi. Ndachisuntha kanayi, chikukuwabe. Kutaya sindingataye, ndi khomo la munthu. Koma anthu ena, abale inu, ngakhale nsalu zawo n'zaphokoso. Mukuonapo bwanji?"

"Ee."

"Ee chiyani? Chikukuwa kapena sichikukuwa?"

"Chili bwino."

"Inu ndikanakufunsani za nyumba ikupsa mukanati ili bwino."

Suan sankajambula papepala monga achitira osoka ena. Ankayamba ndi chigamba chimodzi, chimene maso ake akana kuchisiya, n'kuchiika pakati. Zina zonse zinkazungulira chimenecho, mzere pa mzere, mpaka m'mphepete. Pa chofunda ichi, pakati panali tinsomba tofiira. Za ichi palibe analankhulapo, Suan kaya Beh. Koma sabata yatha, akumwa tiyi, Beh anayang'ana m'kapu nati, "Mpunga wa munthu mmodzi umavuta kuphika." Suan anadzibaya chala. Atachiyamwa anayankha kuti, "Chofunda chithe kaye. Leong akabwera Lamulungu ndimuuza."

Leong anali mwana wake mmodzi yekhayo, bambo wa khanda loyembekezedwalo. Lamulungu lake linali lomweli. Beh anali atavala malaya ake abwino koposa, ndipo ulusi unaphonya diso la singano katatu.

*

Leong anafika ndi zipatso, napereka moni waulemu kwa "amalume Beh" osafunsa chimene munthu wamwamuna akuchita ndi katsamiro ka singano pamiyendo. Amayi ake asanatsegule pakamwa, geti linalira. Amayi a m'misewu yapafupi anali atamva kuti chofunda chatha, ndipo aliyense anadzera kudzapeza khomo lake.

"Changa icho! Ee, chaoneka bwino kuposa pamene chinali siketi."

"Changa mwachiika pafupi ndi cha a Khoo? Ife sitilankhulana chaka chachitatu!"

"Pachofunda mulankhulana," anatero Suan.

Womaliza kulowa anali Tin, mng'ono wa malemu Eng, nayenso wamasiye. Zaka zitatu zonsezi ankabweretsa supu kwa Beh Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti supu ameneyo akuphikidwa ndi cholinga. Atamuona Beh pampando wa pawindo, anamwetulira ndi milomo yokha.

"Alamu, kodi ndi kuno mumagwira ntchito? Ndimadabwa supu kumupeza wozizira pakhomo." Anazungulira chofunda. "Changa chili kuti? Chofiirira chija. Oo, ichi. Kumapazi. Khomo la ana anayi, onse amoyo, kumapazi. Zikomo, mayi Suan."

"Kumapazi n'kumene kumazizira kwambiri, mayi Tin. Kumafuna nsalu yolimba."

Amayi ena anaseka. Tin sanaseke. Maso ake anali atafika pakati, ndipo anaima pomwepo. Anagwada, nakhudza tinsomba ndi chala.

"Tinsomba iti ndikutidziwa."

Beh anaika singano pansi.

"Ndinali pomwepo akugula. Achemwali anga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ati adzasokere mwana. Mwanayo anabadwa osalira. Sanatengenso pakati mpaka kumanda." Anatembenukira kwa Leong, mawu ake atafewa ngati wachisoni. "Mwana wanga, ine sindikonda kulankhula. Koma nsalu ya malemu, ya mwana wosalira, ndi imene yaikidwa pamtima pa khanda lako."

Pamenepo mvula inayamba, dontho limodzilimodzi pa malata, kenako yonse pamodzi.

*

Amayi aja anakumbuka mwadzidzidzi zovala zimene anayanika. Suan anamukokera Beh pakhonde la kuseri, kumene phokoso la mvula linkaphimba mawu.

"Nenani kuti nsaluyi munagula kusitolo."

"Sindinagule kusitolo."

"Ndikudziwa! Nenani basi. Tinsomba tilipo tambiri padziko pano. Muti Tin wasokoneza."

"Sanasokoneze."

"Bambo Beh, mwakhala chete moyo wanu wonse. Lero ndikukupemphani mawu atatu okha. Atatu!"

Beh anayang'ana madzi akutsika m'ngalande. Mawu atatuwo ankawaona, analipo, osavuta. Koma kumbuyo kwawo ankaona Eng akupinda nsalu ija, kuiika m'bokosi, n'kutseka. Kunena kuti ndi ya kusitolo kunali ngati kunena kuti mwanayo sanakhaleko.

Leong anatulukira pakhomo. Nkhope yake inali itayera.

"Amalume, n'zoona?"

"N'zoona."

Suan anatseka maso.

"Mukudziwa kuti mkazi wanga wagona chagada miyezi inayi? Mukudziwa kuti sitinagule ngakhale kabotolo, kuopa kudzitsirira tsoka? Amayi ake akangomva izi, ine ndilowera kuti?" Anapuma. "Ine za mizimu sindizitsata kwenikweni. Koma ndakumba timanda tiwiri, amalume. Sindiyesa china chilichonse pa wachitatu. Munaganiza chiyani?"

Beh anatsegula pakamwa. Yankho linalipo, koma linali lalitali.

"Sindinafune zoipa."

"Basi?"

"Basi."

Leong anatembenukira kwa amayi ake. "Chigamba chimenecho chichoke. Apo ayi chofunda chitsale kuno. Loweruka ndibwera kudzakutengani, mukatithandize mwana akabadwa. Chipinda chanu chakonzedwa. Ndipo amayi, muzikhala komweko. Kuno mwatsala nokha, anthu angokuzolowerani."

"Ukudziwa kuchotsa cha pakati n'kutani?" anatero Suan. "Zonse zatsamira pamenepo. Miyezi isanu ya maso anga."

"Ndiye munaiikiranji pakati nsalu ya munthu wongodutsa?"

Suan anayang'ana Beh. Beh anayang'ana pansi. Apa ndi pamene nkhani ya mpunga inayenera kunenedwa, koma palibe anainena. Beh anavala nsapato, nafunyulula ambulera, napita.

*

Lolemba sanapite. Mauthenga a Suan anayamba kulowa pafoni madzulo.

*Singano zatha ulusi.*

Analemba: *Pepani.*

*Pepani chifukwa cha singano kapena chifukwa cha dzulo?*

*Zonse.*

*Munthu inu mungapsetse mtima fano la m'kachisi. Ndakangana ndi mwana wanga mpaka mawu kusasa. Ndamuuza kuti wosoka ndine, ndipo chimene ndaika ndaika. Inu muli phee. Mukubwera mawa?*

Beh anagwira foni nthawi yaitali. Mayi ndi mwana wake mmodzi yekha, kukangana chifukwa cha kansalu kosaposa chikhatho, kamene iye anakatulutsa m'bokosi. Walira mvula walira matope, koma matope awa ankathimbirira anthu amene sanailire. Analemba: *Kaya.*

Anaika foni patebulo chafufumimba.

Lachiwiri kunabwera Tin, supu kudzanja ili, phukusi kudzanja linalo. Anayamba wafukiza lubani pamaso pa chithunzi cha achemwali ake, kenako anakhala pansi ngati mwini nyumba.

"Mwandikwiyira, alamu."

"Iyayi."

"Mwandikwiyira. Koma ndikanatani? Mwana wa eni akanadwala, akanaloza ndani? Inu. Ndakupulumutsani." Anathira supu m'mbale. "Ndiponso zinthu za achemwali anga si zogawa pamsewu. Ine mng'ono wawo weniweni simunandipatseko ngakhale mpango. Kubwera mlendo ndi thumba, mwatsegula bokosi."

"Anapempha."

"Oo, ndiye kumafunika kupempha? Zaka zitatu mapazi anga akutha ndi supu, osadziwa kuti kumafunika kupempha!"

Beh anamwa supu. Anali wokoma, ndipo zimenezo zinamupweteka.

Tin anamasula phukusi. Munali malaya abuluu, atsopano, osokedwa bwino. "Ndasoka ndekha. Amene mumavalawo akutherani pathupi. Taonani kolala."

"Ndili nawo ambiri."

"Ambiri akale. Mayi Suan akupita Loweruka, mudzi wonse ukudziwa. Akakagwira mdzukulu m'manja simudzawaonanso. Inu mutsala ndi ndani? Singano?" Anapachika malayawo pampando umene Beh ankadyera, nawawongola mapewa, nawajambula ndi foni. "Ndiwaonetse ana anga. Amati sinditha kusoka kolala."

"Atengeni."

"Ayeseni kaye, alamu. Malaya saluma."

Anapita, malaya ali pomwepo.

*

Lachitatu m'mawa kunali dzuwa lotentha, la mtundu umene umaitana mvula ya masana. Beh ankadziwa kuti Lachitatu Suan amapita kumsika ndipo amachedwa kwa wogulitsa nsomba, kukangana. Ankadziwanso mphika wa maluwa umene pansi pake pamakhala makiyi.

Chofunda chinali patebulo, mpendero utasokedwa mbali ziwiri. Chigamba cha pakati chinali pomwepo. Beh anavala magalasi, natulutsa lezala m'thumba. Miyezi isanu akuonerera inamuphunzitsa kumene msoko umayambira ndi kumene umathera. Anadula mfundo yoyamba, nayamba kusolola ulusi, pang'onopang'ono, kuti zigamba zinayi zoyandikana zisavulale. Misoko ya Suan inali yaing'ono ngati mpunga, ndipo inkakana. Pa chigamba chimenechi anali atasoka kawiri.

Mbali yachitatu itamasuka, nsalu yachikasu inapindika, ndipo Beh anaona kuti pansi pake si thonje. Panali nsalu ina, yoyera ya timaluwa tabuluu, yodulidwa mofanana ndendende, yosokedwa kumsana kwa yake. Anaidziwa. Inali bulauzi imene Suan anavala tsiku limene anagogoda pakhomo pake.

Dzanja linaima. Koma msoko unali utamasuka kale, ndipo chigamba chinatsala chikulendewera ndi mbali imodzi.

"Malizani."

Suan anali pakhomo, dengu la kumsika lili m'manja.

"Malizani, nanga mwayamba. Musasiye ntchito pakati ngati ine."

"Ndimafuna kuti inu ndi Leong..."

"Ine ndi Leong takangana kuyambira ali ndi mano awiri. Sitinafune mkhalapakati." Anaika dengu pansi mwamphamvu, anyezi n'kugubuduka. "Mukuganiza kuti sindinadziwe? Nsalu ya tinsomba, m'nyumba yopanda mwana, yonunkha mankhwala a njenjete, mipindo yake itasuluka? Ndakhala ndikugwira nsalu zaka makumi anayi, bambo Beh. Ndinadziwa ndisanatuluke pageti panu."

Beh anayang'ana timaluwa tabuluu.

"Inali itatha mphamvu," anatero Suan, mawu atatsika. "Yakhalitsa m'bokosi. Yokha ikanang'ambika pochapa koyamba. Ndinaiikira yanga kumbuyo kuti iigwire. Ndinadula bulauzi yabwinobwino." Anakhala pampando wa singano. "Tandiuzani chinthu chimodzi. Leong anakufunsani, simunayankhe. Munaiperekeranji?"

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Beh anadikira kuti phokoso lithe.

"Inadikira mwana zaka makumi atatu ndi zinayi," anatero. "Ndinati ifike."

Suan anaphimba nkhope ndi dzanja. Atalichotsa, maso anali ofiira, koma mkwiyo unali usanachoke.

"Ndiye zimenezo simukananena Lamulungu? Mwana wanga si mwala. Mawu amenewo akanawamva. Inu munati basi. Basi!" Anatenga lezala patebulo, nadula yekha mbali yachinayi, kamodzi, mwaukatswiri. Analekanitsa nsalu ziwirizo. Yachikasu anaipinda bwinobwino, naipereka ndi manja awiri. Yake anaiika m'thumba la siketi. Pakati pa chofunda panatsala bowo, thonje likuonekera.

"Ine ndimamenya nkhondo kuti mukhale pakati. Inu mwalowa ndi makiyi anga kudzadzichotsa nokha."

"Si choncho."

"Nanga ndi bwanji?"

Beh anayang'ana nsalu yachikasu m'manja mwake.

"Taonani," anatero Suan, akuloza bowo. "Makomo makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi. Chofunda chopereweza sindipereka kwa mdzukulu wanga. Loweruka lisanafike bowo ili litsekedwa. Ngati mukufuna likhale khomo lanu, ndibweretsereni nsalu. Yanu, osati ya Eng. Eng ndimamulemekeza, ndinali wokonzeka kukhala naye pachofunda chimodzi, koma mwamuchotsa ndinu. Tsopano ndikufuna ya munthu wamoyo. Yovalidwa, yolowa thukuta ndi madzi. Yatsopano sindilandira, imakhwinyata pochapa n'kukoka zinzake. Mukalephera ndiikapo ina, ndipita ndi Leong, ndipo za mpunga wa munthu mmodzi musadzazitchulenso."

"Ndibweretsa."

"Tiona. Makiyi asiyeni patebulo."

*

Anaganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Lachinayi m'mawa anatsegula kabati, natulutsa malaya onse, nawayala pabedi. Analipo khumi ndi awiri. Anatembenuza oyamba. M'kati mwa kolala munali kamtanda ka ulusi wofiira, chizindikiro cha Eng. Anatembenuza achiwiri. Kamtanda. Achitatu. Eng ankati malaya a kusitolo amasokedwa ndi anthu amene sanamuonepo mwamuna wake, ndipo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu Beh sanagulepo ngakhale amodzi. Mathalauza anali a Eng. Makatani anali a Eng. Nsalu za mitsamiro, ya patebulo, ngakhale kansanza kopukutira magalasi, kanali mkono wa diresi la Eng.

Anakhala m'mphepete mwa bedi. M'nyumba yonse, munthu wamoyo analibemo nsalu.

Kupatula imodzi. Kuchokera pamene anakhala ankaona mpando wa patebulo, ndi malaya abuluu atatambasula mapewa ngati mlendo amene akudikira chakudya. Osokedwa ndi munthu wamoyo, wa ana anayi. Akanawavala lero ndi mawa, kuwachapa kawiri, Loweruka akanakhala atafewa. Leong sakanapeza chonena. Ndipo pamtima pa mdzukulu wa Suan pakanakhala msoko wa Tin, wotsamira pa bulauzi ya timaluwa.

Beh anaseka, kamodzi, kuseka kopanda mano. Anatenga nsalu yachikasu, naibwezera m'bokosi, m'mipindo yake yakale. Anaima pamaso pa chithunzi.

"Sinafike," anamuuza Eng.

Masana mitambo inatsika phiri. Foni inalira mvula itangoyamba.

*Mpongozi wanga amutengera kuchipatala. Mwana sakudikira Loweruka. Ndikwera sitima ya mawa m'mawa.*

Asanayankhe, unalowa wina. Chinali chithunzi: malaya abuluu, pampando wake, m'nyumba mwake, mbale ya supu ikuonekera pakona.

*Mayi Tin anditumizira ichi. Akuti mwawalandira ndipo akukwanani ngati anabadwa nanu. Ndiye nsalu ya munthu wamoyo munali nayo kale dzulo pamene munkati ndibweretsa. Musavutike. Bowo nditseka ndi chobiriwira chotsala cha kwa a Ooi. Chikuwe, bola chikunena kanthu.*

Beh anayamba kulemba. Analemba za malaya khumi ndi awiri, za timitanda tofiira, za makatani, za supu amene sanamupemphepo, za mpando wa pawindo. Sanalembepo zambiri chotero chibadwire. Atawerenga, anaona kuti zikumveka ngati munthu wina, ndipo Suan sakhulupirira. Anafufuta zonse.

Anatumiza liwu limodzi: *Musatseke.*

Foni inaonetsa kuti Suan wawerenga. Anadikira. Mvula inakula. Palibe chinabwera.

Anayang'ana wotchi. Masitolo a mumsewu waukulu amatseka dzuwa likamalowa, ndipo nsalu yatsopano siifewa ndi kuiyang'ana. Anachotsa malaya abuluu pampando, nawakulunga m'nyuzipepala, nawaika m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi poto wa supu, wotsuka. Podutsa pa Tin anakoleka zonsezo pageti. Katani inagwedezeka pawindo. Sanaime.

M'sitolo, mwini wake anamuyang'ana kawiri.

"Bambo Beh? Kuno? Kwagwanji?"

"Malaya. Athonje."

"Saizi yanji?"

Beh anaganiza. "Sindidziwa."

Anamuyeza ndi tepi, akuseka. Pa mulu wonse Beh analoza achikasu. Analowa kuseri kwa katani, navula a Eng, nawapinda, navala atsopanowo. Anali olimba ngati katoni, ndipo ankakanda pakhosi.

"Akale ndikukulungireni?"

"Sungani. Ndidzatenga."

Anafika pakhomo.

"Bambo Beh, ambulera yanu! Kukugwa chimvula!"

"Ndaona."

Anaisiya pomwepo. Anatuluka mumvula ndi malaya atsopano, nayamba kuyenda wapansi kulowera kumsewu wa kuseri kwa kachisi, kudzera njira yaitali.